Ati mphuno yanga ndiyo yang'amba mlomo wa mdzukulu

Aphungu,

Ndine nkhalamba yojambula zithunzi za maukwati ndi za ziphaso. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma nkhope ndakhala ndikuziwerenga zaka makumi anayi.

Mwana wanga wamkazi wabereka kamnyamata ka mlomo wong'ambika. Namwino anati tizinthu takumtundu timene timaumba mphuno ndi milomo ya munthu aliyense nthawi zina timakhudzanso vutoli. Asewere anga, amayi a bambo wa khandalo, kungomva basi chala pa ine: "Ndi chimphuno chanu chophwatalalachi, chatilowera m'banja!" Ndinati, "Amayi, mphuno iyi imanunkhiza miseche yanu ndili kutsidya kwa msewu, ipatseni ulemu." Tsopano mdzukulu wangayo akumamufunditsa shawelo kumaso, ati asajambulidwe mpaka madokotala atamusoka.

Ine ndamujambula akuyasamula, ndakulitsa chithunzicho, ndachipachika pawindo la situdiyo yanga. Wokongola kuposa akwati onse amene ali pamenepo! Mwana wanga wamkaziyo akulira, wati ndikapanda kuchichotsa sadzabweranso naye. Sindichotsa ayi. Mudilowa ya tebulo langa ndilinso ndi chithunzi cha chiphaso cha asewerewo, mphuno ngati mlomo wa ketulo. Ndichiike pambali pake kuti odutsa aweruze?

B.K., kuseri kwa depoti ya mabasi

Agogo B.K.,

Chithunzi cha asewere chisatuluke mudilowamo. Namwino sananene kuti mphuno yanu yalakwa, kapena yawo. Tizinthuti ndi tambiri, timachokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndipo ambiri ali nato koma ana awo amabadwa milomo ili bwinobwino. Wolakwa simungamupeze poyang'ana nkhope, chifukwa palibe.

Pokana kuti mwana abisidwe mwakhoza, ndipo musasinthe. Koma woti anene kumene chithunzi chikhale ndi mayi wake, amene akulimbana ndi kuyamwitsa komanso pakamwa pa anthu. Chichotseni pawindo lero, mukamupatse m'manja, mupepese popanda nthabwala. Ndikudziwa zikuvutani, yesani. Kenako muperekezeni kuchipatala. Mukafunse ngati kumwamba kwa m'kamwa nakonso kunang'ambika, mmene angamudyetsere kuti azinenepa, ndi tsiku la opareshoni. Mdzukulu muzimunyamula inuyo, nkhope ili pamtunda.

Mukaumirira windolo, asewere muwagonjetsa ndithu. Koma mutsala ndi mwana wa papepala amene sakula, weniweniyo akumera mano kumene inu simukumuona.