Mbewu ya Amayi Isapite ku Lizulu

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Harareko. Kuno tilipo, chifuwa cha amayi chinatha.

Funso ndi ili: kodi amayi agulitse mbewu ya mbatatesi? Nkhondo ya ku Mozambique yadula njanji, feteleza sakufika, pomwe othawa nkhondo achulukitsa pakamwa. Mitengo yakwera. Loweruka ndinawapeza akukweza mbewuyo pangolo yopita kumsika wa ku Lizulu, ati agulire chimanga alendo tikuwasungawa. Nditawaletsa anaseka: "Mwanawe, alendowa adya mabuku akowo?" Ndinakhalira thumba la mbewuyo mpaka ngolo inachoka osalinyamula. Mtima wawo ndimaunyadira, koma wogulitsa mbewu wagulitsa chaka chamawa.

Choncho:
1. Muwalembere, inu amakumverani.
2. Chimanga cha alendo chichokere kwa inu.
3. Mufulumire, ndikabwerera kuyunivesite wowaletsa palibe.

Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Nabanda