Dziwe lofiira

Lolemba, 14 Januwale 2019
Dziwe la nsomba lafiira. Dzulo linali lobiriwira, lero masana psuu ngati mwaphedwera mbuzi. Bambo a Luso ali kuntchito ku Chelinda, foni yawo sikupezeka. Anandisiyira ine dziweli.

Lachiwiri, 15
M'mawa lobiriwira. Dzuwa litakwera, lofiira. Nanga madzi amasintha malaya?
Alamu a Laws angoyang'ana n'kuti, “Ni ndopa izi.” Magazi. Akuti ndi a Amock a tsidya la ngalande, amene ankalifuna damboli kalekale. Ndaviika chala, ndanunkhiza. Fungo la thope basi.

Lachitatu, 16
Ndaimbira Isabella, mlongo wa bambo a Luso, amene anaphunzira za nsomba. Akuti si magazi, ndi ndere, ndipo zimachuluka zikadya nayitirojeni, yemwe ali mu feteleza wa yureya. Akuti kunyanja ya mchere kulinso ndere zofiira, zikakhuta zimafiiritsa, zikamva njala zimayezuka. Koma zathuzi akuti ndi mtundu wina. Ndiye wandiuziranji?
Yureya amabiriwitsa chimanga. Afiiritsa bwanji madzi? Wafunsa amene wathira. Palibe wathira.

Lachinayi, 17
Nsomba zayandama, kukamwa yasa yasa. Zina zafa. Luso walira.
A Laws apita kukalalata kwa a Amock, anthu akumva. Ine ndinabisala kukhitchini. Mwina akunena zoona? Sindikudziwa.

Lachisanu, 18
Mvula. Isabella akuti ndilowetse madzi atsopano. Ochokera kuti? Ngalande yabwino ndi ya a Amock.

Loweruka, 19
Mvula itadula ndapita kudziwe. Kamfuleni kakutsika m'munda wa chimanga wa a Laws, momwe anabereketsa ndi yureya sabata yatha, n'kulowa m'dziwe mwenimweni. Ndaima pamenepo nthawi yaitali. Ndiwauza bwanji alamu?
Sindinawauze. Ndawoloka tsidya, ndagwada pakhomo pa a Amock kupempha madzi. Chitumbuka changa chinathawa, ndinangolankhula Chichewa cha kwathu ku Dedza. Mayi akunyumba kwawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Lamulungu, 20
Pochokera kutchalitchi ndapeza a Amock ali m'matope ndi khasu, buluku atapinda, madzi awo akulowa m'dziwe mwathu. Ndati yewo chomene, angogwedeza mutu.
Kenako a Laws atulukira. Ayang'ana a Amock, ayang'ana kamfuleni kaja mpaka m'munda mwawo. Ndinaganiza kuti ziyambanso.
“Mlamu,” atero, osandiyang'ana, “khasu lina lilipo?”