Wopanga Wake Ndi Wosadziwika

Lolemba, 6 Meyi

Kamlomo wasiya kulankhula pa foni ya Bambo. Chifereni maso awo, ndiye wakhala akuwawerengera mauthenga mokweza, lero zii. Pulogalamuyi ndinaipanga ndekha patebulo lomweli, dzinalo anaipatsa ndi Bambo, ndipo ndikudziwa kuti siingangofa yokha.

Ndafufuza. Foni yalandira apudeti dzulo, yadzikonza yokha, ndiye tsopano pulogalamu iliyonse yosachokera m'sitolo ya kampani yopanga foni siikuloledwa kuwerenga mauthenga. Koma zoti izidzikonza yokha ndinazimitsa kalekale. Wadina ndani? Mlamu, akazi a achimwene, anali kuno dzulo, ndipo iwo akaona batani chala chimawayabwa.

Lachiwiri, 7 Meyi

Mlamu akana. Ati, "Foni ya apongozi ndiigwirirenji ine?" Ayankha msanga kwambiri. Sindinakhutire.

Masana ndimayesa kumudzutsa Kamlomo, Bambo ali pompo pampando wawo. Basi foni yayamba kulankhula ndi liwu lake lija la m'mphuno, lomwe limatafuna mawu athu ngati miyala: pulogalamuyi ikhoza kuona mauthenga anu onse, wopanga wake ndi wosadziwika.

Bambo ati, "Wosadziwika? Si iwe kodi?"

Ndaseka. Iwo sanaseke. Afunsanso, "Yati onse?" Kenako atambasula dzanja kuti ndiwabwezere foni.

Lachitatu, 8 Meyi

Si kwathu kokha. Wapampando wa bungwe la osaona waimba, ati anzake ena amuchotsa kale Kamlomo, akuopa kuti ndi ya akuba. Ya akuba! Ine amene ndinkazungulira makomo awo kuwaikira, mvula ili pamsana.

Ndatumiza chitupa changa kukampani yopanga foni ija kuti "ndidziwike". Andiyankha makina, ati ndidikire. Ndikukayika ngati kuli munthu kumeneko. Akufuna tonse ang'onoang'ono titope, titseke, atsale okha.

Lachinayi, 9 Meyi

Bambo akubisa foni m'kati mwa pilo. Kubisira ine, wochapa piloyo.

Lachisanu, 10 Meyi

Njira yomudzutsira Kamlomo ilipo. Anaikwirira kuseri kwa timadontho titatu pakona, koma pamafunika chala cha mwini foni. Ndapita kwa Bambo ndi tiyi, ndawafotokozera bwinobwino. Apinda manja m'khwapa. Ati chala chatopa.

Ndati, "Bambo, Kamlomo sasunga kanthu, satumiza kanthu kwa ine."

Ati, "Foni yati ikhoza."

"Inenso ndikhoza kukuthirirani mchere mu tiyimu. Ndinachitapo?"

Anunkhiza tiyiyo asanamwe. Zandipweteka, ndisaname.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti mauthenga akulowa tsiku lonse, tii, tii, koma sapempha aliyense kuti awawerengere. Chimwalirireni Amayi, amene ankawalembera ndi achimwene ndi akutchalitchi basi. Ameneyu ndani? Mwina ndi aja onamiza okalamba kuti mwawina galimoto. Mwinanso achimwene ayambanso za kugulitsa nyumba, n'chifukwa chake mlamu anakana msangamsanga.

Loweruka, 11 Meyi

Kwabwera atelala a kuseri kwa msika, mayi aja amasiye ovala magalasi ochindikala. Ati abweretsa buluku la Bambo. Buluku lanji? Zovala zawo ndimazidziwa zonse, palibe linang'ambika.

Ndimakolopa m'khonde, zenera lili pululu. Ndamva mayiwo akunong'ona: "Sabata yonse osandiyankha? Kapena ndinaiononga tsiku lija inafunsa zinthu ine n'kudina inde?"

Bambo ati, "Tsitsani mawu, mwanayu ali ndi makutu. Ndi foni yomwe akumvera nayo."

Ndaima ndi chokolopera m'manja, madzi akudonthera kumapazi. Ndiye wodina uja ndi ameneyu. Mlamu ndawalakwira, koma sindiwauza, angadzimve.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndawagulira mahedifoni. Ndawaika m'manja mwawo, ndati, "Kamlomo azilankhula m'makutu mwanu mokha. Za atelala sindinamve kalikonse."

Ayamba kupapasa chingwe. Ndatenga makapu kuti ndizipita. Ndili pakhomo ati, "Iwe Wosadziwika, tabwera kuno."

Atulutsa foni m'pilo, andipatsa chala chachikulu. Ndachigwira ndi manja awiri kuti chikhazikike pagalasi. Foni yachenjezanso zake zija. Aiyankha kuti, "Tamva, mayi, tamva," n'kudina okha.

Kenako ati ndituluke, nditseke chitseko.

Mahedifoni aja sanawalowetse bwino. Ndili m'khonde ndamva Kamlomo akuyamba, ndi liwu lomwe ndinalikonza ndekha: "Wokondedwa wanga, bwanji kodi..."

Ndathamangira kukhitchini, ndatsegula mpopi mpaka kumapeto. Mbale zonse n'zotsuka kale. Ndikuzitsukanso.