Tchizi cha pa Maliro Anga

Wokondedwa msuweni wanga Onorina,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu kutsidya la nyanjako. Kuno ku Oyace chipale chofewa chayamba kugwa, ndipo ng'ombe zatsika kumapiri zonse zamoyo.

Mukumbukira tchizi chija atate anandiumbira pa ukwati wanga, monga mwa mwambo wa nyumba yathu, kuti chidzadyedwe pa maliro anga? Zaka makumi asanu ndinachipukuta ndi kuchitembenuza. Koma taonani, pa tsiku la Ambuye mkamwini wanga Ivano anachipala, nachisakaniza ndi tchizi cha m'sitolo chonga mphira, nathira pa mbatatesi za alendo ake. Nditamfunsa anaseka, mafuta ali chuchuchu pachibwano: "Aa, bambo, inu n'kufa? Mudzatiika tonse inu! Bwerani mulaweko."

Komatu kalata ya dokotala yonena za matenda anga inali m'thumba langa, ndipo mwana wanga Delfina sanaione.

Theka la tchizi lija linatsala pa maliro a amayi anu likadali m'nyumba yanu yotsekayo. Ndiloleni ndilitenge, kuti odzandilira asadzabwerere ndi njala. Muyankhe Khirisimasi isanafike.

Ndine msuweni wanu mwa Ambuye,
Sulpizio