Mau a Amako Atsekeledwa m'Kabokosi

Yotamu mwana wanga,

Kabokosi ka zithunzi ndi nyimbo kamene unatumiza kandiliza misozi. Kuno ku Nyampande tili bwino, kupatula mawondo angawa.

Mailo ndinapita nako ku Petauke kwa a Mwanza, mlembi wa mpingo. Kompyuta yao yakale sinakaone. Anasintha nthambo, nayesa mabowo onse, kanyale kake kangophethila. Pomaliza akuti, "Bambo, makina akuti tifafanize zonse kuti kagwile nchito."

Ndinakalanda m'manja mwao. Sukulu sindinapondeko, koma amako sindingawaike m'manda kawili. Nyimbo yao yomaliza ili mmenemo, ndipo mau ao ayamba kundithawa m'mutu.

Mulungu akusunge. Koma usatume munthu, Yotamu. Bwela wekha ndi kompyuta yako, unditsegulile ndiwamve.

Ndine atate ako.