Dongo Losauma mu Uvuni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine moyo ndili nawo, koma mtendere ndilibe.

Paja kufakitale kuno timaumba mbale zija zimakhala pamwamba pa mapolo, zotchinga magetsi kuti asatsike ndi polo. Dongo lake ndi loyera. Timaligaya ngati ufa, makina n'kulipsinja, kenako mbalezo ziume masiku asanu zisanalowe mu uvuni. Ntchito yanga ndi kuyesa ngati zauma. Makina oyesera anafa kalekale, ndiye ndimangogunditsa mbale patsaya. Ikamazizira, ndiye kuti madzi akadalimo.

Lolemba la sabata yatha kapitawo wathu, amene timamutcha Chimphepo, analamula kuti tilowetse zamasiku awiri chifukwa oda yachedwa. Ndinakana. Anandiwomba mbama anthu akuona, amvekere kuno si kumudzi koumba miphika. Mbale zinalowa.

Moto utakolera, zinayamba kuphulika ngati mfuti. Iye anatuma mayi wina, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, kuti asuzumire pa kabowo koonera moto. Phale linatulukira pomwepo n'kumuboola diso. Ndinamugwira mutu ndine, magazi ali chuchuchu mpaka m'zigongono mwangamu.

Mabwana atafika, Chimphepo analoza ine kuti ndine amene ndinavomereza zoti zauma. Achemwali, mtima wanga mumaudziwa. Ndinatola mbale yowotcha kale n'kumuphwanya nayo nsagwada, mano atatu pansi. Mbaleyo osang'aluka n'komwe, katundu timapanga wolimba ndithu. Ndinamubwereza ali chigonere, ndipo chikundiopsa n'chakuti mpaka lero chisoni sindikumva.

Ndagona kupolisi masiku awiri, ndatuluka pa belo. Mlandu ulowa Lachisanu. Anzanga onse anaona mbama ija, koma akuti umboni sapereka, ana awo angadye chiyani akachotsedwa ntchito. Sindikuwada.

Pempho langa ndi limodzi. Mwana wanga ndimukweza basi Lachinayi m'mawa, mukamulandire. Ndamuuza kuti akukacheza sabata imodzi, ndiye musafunse pamaso pake mukaona kuti ndamulongedzera yunifolomu, makope ndi majuzi ake onse. Nsapato ndagula zokulirapo, zidzamukwana chaka chamawa.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Amayi muwapatse moni wokha, zinazi musawauze msanga.

Ndatha ine mng'ono wanu,
Kamoto