Pampu ya Kagalasi

Lolemba, 26 Epulo 1954. Pa Boma, Fort Manning.

Lole yafanso. Pa mlatho wa Bua, kachitatu mwezi uno. Matumba a mchere kumbuyo, dzuwa pamutu, anthu kuzungulira ngati aona njovu yakufa. Vuto lomwe lija: pampu yokoka dizilo ku thanki, kachikopa kake kam'kati kang'ambika. Ndinanena dzinja lisanayambe. Koma ndani amamva mkamwini?

Madzulo pakhonde, apongozi a Ismaili, eni lole, eni sitolo, eni ake a mkazi wanga ndi mpando umene ndinakhalira: "Bambo a Sofia, pampu sankhani nokha, odziwa ndinu. Koma ikakafanso panjira, chiwongolero ndipatsa Saidu."

Saidu! Mwana wa mlongo wawo. Womata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango. Anakhalako zaka ziwiri akupukuta injini ya chigayo pa esiteti ya mzungu, basi wasanduka fundi, katswiri wa mainjini. Ine Athumani, zaka zinayi pa malole a nkhondo, mpaka ku Burma, matope ofika m'chiuno. Andiike pa sikelo imodzi ndi ameneyo. Asa!

Lachitatu, 28 Epulo.

Saidu wabwera ndi pampu yake, yokulunga m'chiguduli. Yakuda bii. Yozula pa lole yakufa ya ku esiteti. Ati waitsuka ndi palafini, waika kachikopa katsopano. Pambali pake kampini kopopera ndi chala, akuti mpweya ukalowa m'paipi umangopopa, dizilo n'kubwera yekha. Wandionetsa katatu konse, pang'onopang'ono, ngati ine ndinabadwa dzulo.

"Alamu, njonyansa, koma sinama." Mawu ake amenewo.

Ndamuuza akaimange pa njinga. Mpweya m'paipi n'chiyani kwa ine? Kumasula nati, paipi kukamwa, kukoka kawiri, kulavula, yatha. Ndachita zimenezi kuyambira ku nkhondo ndipo mano onse alipo. Kampini nka anthu opanda mapapo.

Asiatu, mkazi wanga, ati ndisamanyoze m'bale wake pamaso pa anthu. Nanga ndizikamunyozera kuti, kuchimbudzi?

Loweruka, 1 Meyi. Fort Jameson.

Ndabwera pa lole ya anthu ena, pamwamba pa matumba. Dalaivala wake mbuli yeniyeni, mabuleki amaponda ndi mtima wonse. Pamalire mafunso osatha, ngati pampu ndi mfuti.

M'sitolo ya Mmwenye mapampu atatu. Yoyamba ya galimoto ya petulo, ankafuna andinyengerere nayo, ndangomuyang'ana. Yachiwiri mkono wake wamfupi, sufika pamene injini imaukankha. Yachitatu ndiye pampu. Yatsopano, yonyezimira, ya kagalasi pamwamba kooneramo dizilo ndi zinyalala zake. Chala pa kabowo, kukankha mkono, yandiyamwa chala mpaka kusiya chizindikiro. Mabowo a mabawuti ndayeza ndi kaudzu kamene ndinadula kunyumba, ndendende.

Kalaliki wa m'sitolomo ati ndaona kodi kuti ilibe kampini? Munthu woyeza nsalu. Nayenso!

Ndatenga. Mtima mbee.

Lachiwiri, 4 Meyi.

Mwezi unaoneka dzulo madzulo. Lero tayamba kumanga Ramadhani, osadya osamwa mpaka dzuwa kulowa.

Pampu ndinaimanga dzulo masana. Ndinakoka paipi kawiri, kulavula, injini n'kudzuka kamodzin'kamodzi. Dizilo kuvina m'kagalasi. Anthu a pamsika kubwera kudzasuzumira, apongozi nawo kuwerama ndi ndevu zawo. Saidu chiimire patali, manja kumbuyo. Pochoka ati, "Nanga mwezi uno, alamu, mukakokera chiyani?"

Mafunso a anthu osayenda. Pampu yatsopano, mapaipi ndamanga ndekha, mpweya ulowera pati?

Apongozi pa za kumanga ndiye osakambika. Ngakhale malovu sameza, tsiku lonse kulavula kuseri kwa sitolo. Ndinawauzako kuti ku nkhondo shehe wathu ankati wapaulendo amaloledwa kumasula. Ati ku Lilongwe si ulendo, munthu wokhala pampando chitsulo chikumunyamula. Chabwino. Eni lole anena.

Lachitatu, 12 Meyi.

Maulendo awiri a ku Lilongwe, umodzi wa kwa Zulu. Osatsokomola n'kamodzi komwe. Pa chitunda chimene kale inkalira ngati ikufa, lero yakwera ndi giya yachitatu.

Ndadutsa pa mtengo wa mango, hutala kawiri. Fundi wamkulu ali chigwadire pa beseni la madzi, kufunafuna kabowo m'chubu. Wakweza dzanja. Ine ayi, manja anali pa chiwongolero.

Kukhosi gwaa kuyambira 10 koloko. Fumbi la msewu uno ndi lozunza womanga. Asiatu waphika futali wa mbatata, wabwino. Sofia wamera dzino lachiwiri.

Lachinayi, 20 Meyi. Lilongwe.

Ndilembe za dzulo momwe zinakhalira, poti ena azikamba mwina.

Mtedza wa anthu a kwa Kapondo, lole yodzaza mpaka pamwamba. Wogula ku Lilongwe amatseka shedi 4 koloko, ndipo anati tikachedwa atenga wa ena. Apongozi anakwera nawo kutsogolo, kufuna kukaona okha sikelo. Msewu mabampu okhaokha, a boma amangodziwa kutolera msonkho. Titapitirira Kamwendo injini inatsokomola, kutsokomolanso, zii.

Kutsegula boneti. Nati ya paipi yamasuka ndi kugwedezeka. M'kagalasi muja thovu lokhalokha, kakundionetsa bwinobwino tsoka langa. Nati ndinamanga, koma mpweya unali utalowa kale. Kuyesa kuliza, batire yofooka, kachitatu inangoti ng'ee. Kukankha lole ya mtedza anthu awiri, mmodzi nkhalamba yomanga? Dzuwa pa liwombo. Kuti lilowe, maola asanu ndi limodzi.

Apongozi anayang'ana kagalasi, kuyang'ana ine. Kenako anatenga mkeka wawo, kutsikira kukamtsinje kukasamba m'manja ndi kuswali, pemphero la masana.

Ndinaima pamenepo, paipi m'manja. M'maganizo ndikuona Saidu pampando wanga, matako ake a pa njinga. Ndinasuzumira kumtsinje, mutu wawo uli pansi. Ndinakoka. Koyamba mpweya wokha. Kachiwiri ndinakoka ndi mantha, mwamphamvu kwambiri, dizilo n'kubwera wambiri, wina kupitirira kukhosi. Ndinamumva akutsika, kutentha mpaka m'mimba. Kulavula, kupukuta pakamwa ndi malaya, kumanga nati. Injini inadzuka.

Atabwera anafunsa kuti yadzuka bwanji. Ndinati nati yokha inamasuka, ndamanga, basi. Anafunsanso, "Basi?" Ndinati basi.

Kutsogolo kwa lole nkopanikiza. Njira yonse ndikugeya dizilo, nkhope kuwindo. Iwo kuwerenga mikanda yawo ya mapemphero, tasibihi, m'manja. Tinafika shedi isanatseke, mtedza wonse unalowa. Ine! Ndi pakamwa panga. Fundi wa njinga akanafika mawa lake.

Dzuwa litalowa tinali kwa a Mdoka, mnzawo wa malonda, amuna asanu ndi awiri pamkeka. Chikho cha madzi chikuzungulira. Chitafika pa ine apongozi anatambasula dzanja, kuchilandira, kupatsa wa kumanzere kwanga. "Bambo a Sofia asiyeni, anamasula kale masana."

Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Loweruka, 22 Meyi. Pa Boma.

Tabwerako dzulo. Lero apongozi andiitana kuseri kwa sitolo. Ndinakonzeka ndi mfundo zanga: lole inafa n'kudzuka, katundu anafika, wapaulendo amaloledwa, tsikulo ndidzabweza chikondwerero cha Idi chikapita. Sanatsutse n'chimodzi chomwe. Ati chitsulo chimafa, akanakhululuka. Ati ngakhale dizilo uja, ndikanangonena, tikanafunsa ashehe. "Koma ndinakufunsani kawiri, bambo a Sofia. Munthu amene ndimamutuma yekha ndi katundu wa anthu."

Makiyi pa tebulo. Ndaika ndekha, asachite kupempha.

Ulaliki wa munthu amene sadziwa kusiyanitsa sipanala ndi supuni. Ndikungolemba chomwecho. Manyazi andigwira, ndinene zoona. Asiatu wamva kale, akazi a pachitsime amuuza ndi zowonjezera. Sanandinyoze. Wangonditengera madzi osamba, osandiyang'ana.

Lolemba, 24 Meyi.

Saidu wamanga pampu yake yakuda ija dzulo. Yanga wabwera nayo yekha, yopukuta, yokulunga m'nsalu yoyera. Ati, "Njabwino iyi alamu, inangosowa kampini. Musunge." Ulemu wake umandinyansa kuposa chipongwe. Ili pansi pa bedi.

M'mawa uno ndamva akuiliza. Kamodzi, yadzuka. Akupita kwa Kapondo kukatenga mtedza wotsala. Giya yachiwiri akuikukuta ngati chimanga chokazinga, chitsiru, ponda kilachi kawiri! Ndinapezeka ndaima pakhomo, phazi langa lakumanzere likuponda pansi lokha.

Pakhomo pomwepo khasu, latsopano, mpini wosalala. Asiatu ati bambo ake atumiza, mtedza wa kumunda kwa mayi sunathe kukumba. Ati ndipite dzuwa lisanakwere, poti ndamanga.

Lole ikumvekabe kutsidya kwa msika. Sanalowetsebe yachitatu, adzaipha injini ameneyu, ndikanakhala ine pano ndikanailowetsa kale...